Mwendo wa Ridgeback si wa Boerboel: tanthauzo la "bone" pa galu wa chionetsero

Funso lochokera kwa wowerenga wa ku Lilongwe:

"Ndili ndi kagalu kamphongo ka mtundu wa Rhodesian Ridgeback, ka miyezi isanu, komwe ndinagula kwa woweta wina ku South Africa. Ndikufuna kakakula ndidzapite nako ku chionetsero komweko. Ndawerenga ma breed standard awiri. Ina ikuti miyendo yakutsogolo ikhale 'well boned', ina ikuti 'heavy in bone'. Anzanga oweta ma Boerboel akakaona amaseka, amati miyendo yachepa, ndizikapatsa kashiamu ndi nyama yambiri kuti mafupa akule. Mawu amenewa amatanthauza chiyani kwenikweni? Nanga kashiamuyo ndigule?"

Yankho:

Bambo, kashiamuyo musagule. Ndayambira pamenepa chifukwa pa zonse mwafunsazi, chimenechi chokha ndicho chingamuwonongere miyendo galu wanu mpaka kalekale. Chifukwa chake ndichifotokoza bwino kutsogoloku. Zinazi ndi nkhani ya kawerengedwe ka standard, pepala lofotokoza momwe galu wa mtundu uliwonse ayenera kuonekera, ndipo tikhoza kuikamba mtima uli m'malo.

Woweruza pa chionetsero akamati galu uyu ali ndi bone, sakunena mafupa onse oposa 300 omwe ali m'thupi mwake. Maso ndi dzanja lake zili pamalo amodzi makamaka: mwendo wakutsogolo, kuyambira pa chigongono kutsika mpaka pa mfundo ija yooneka ngati bondo, yomwe kwa ife anthu ndi pamene timavala wotchi. Pamenepo pali mafupa awiri ogundizana, radius ndi ulna, ndipo mnofu ndi wochepa, makamaka cham'kati mwa mwendo, choncho zala zimakhudza fupa lenilenilo. Pa ntchafu simungamve kanthu, minofu inakwirira zonse. Woweruzayo sabwera ndi tepi yoyezera. Amayamba waima chapatali kuti aone galu yense, kenako amayandikira, n'kugwira mwendo pansi pa chigongono ndi chala chachikulu ndi zala ziwiri, n'kutsetsereka nazo mpaka ku phazi. Pa kanthawi kochepako akufuna adziwe kuti fupalo ndi lalikulu bwanji poyerekeza ndi thupi lomwe lasenza, linaumbidwa motani, komanso ngati kukula kwakeko kukufika mpaka pansi kapena mwendo ukungowonda mwadzidzidzi chakumapazi.

Kuyerekeza ndi thupiko ndi kumene anzanu a ma Boerboel akukulumpha. Taonani manambala. Standard ya Ridgeback imati wamphongo atalike masentimita 63 mpaka 69 kuyeza pamwamba pa mapewa, alemere makilogalamu 36.5; wamkazi masentimita 61 mpaka 66, makilogalamu 32. Rottweiler wamphongo msinkhu wake ndi womwewo, masentimita 61 mpaka 68, koma amayenera kulemera pafupifupi makilogalamu 50. Boerboel wamphongo woyenera ndi wa masentimita 66, ndipo ambiri amapitirira makilogalamu 60. Agalu atatu a msinkhu umodzi, koma katundu yemwe miyendo yawo yasenza ndi wosiyana kutalitali. Mwendo womwe ukhala bwino pansi pa Boerboel, mutauika pansi pa Ridgeback, woweruza wodziwa mtunduwu adzauona kuti wanyanya. Ndipo mwendo wabwino wa Ridgeback mutauika pansi pa Boerboel udzaonekadi wochepa. Anzanuwo sakunama ayi. Maso awo anazolowera galu wawo, ndiye akuyeza wanu ndi muyeso wa mtundu wina.

Ma standard ambiri satchula n'komwe kuti fupa likhale masentimita angati. Amangoti fine, moderate, strong, substantial, heavy, ndipo liwu lililonse limamveka bwino mukadziwa ntchito yomwe galuyo anawetedwera. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha agalu awiri okoka ngolo pa chipale chofewa. Bungwe la American Kennel Club limati Alaskan Malamute akhale "heavy boned", pomwe za Siberian Husky limati fupa likhale "substantial but never heavy". Onse amakoka, koma Malamute amakoka katundu wolemera pang'onopang'ono, Husky amakoka wopepuka mofulumirirapo pa mtunda wautali. Fupa lolemera lomwe limamuthandiza Malamute, kwa Husky ndi katundu wongotopetsa. Za Basset Hound, galu wamfupi wamakutu ataliatali uja, bungwe lomwelo limati poyerekeza ndi msinkhu wake ali ndi fupa lolemera kuposa galu wa mtundu wina uliwonse. Koma mukaika mwendo wake pambali pa wa Great Dane, wa Basset ndi wocheperako. Ndiye "heavy" wa Basset ndi "heavy" wa Malamute si muyeso umodzi. Basenji, wochokera ku Congo, wolemera makilogalamu 11 okha, amafunika akhale "finely boned", ndipo kwa iye kumeneko ndi kuyamikira, osati kudandaula.

Tsopano mapepala anu awiri aja. Standard yoyamba ya Ridgeback inalembedwa ku Bulawayo mu 1922 ndi F.R. Barnes, ndipo anatengera kwambiri pa ya Dalmatian. Kuchokera pamenepo mabungwe osiyanasiyana akhala akuisunga ndi kuikonza payekhapayekha. The Kennel Club ya ku Britain, yomwe inayamba mu 1873, ndi American Kennel Club ya mu 1884, ndi amene ali ndi mawu oti "heavy in bone". Pomwe bungwe la FCI, logwirizanitsa mabungwe a agalu a mayiko ambiri, lomwe linayamba mu 1911 ndipo likulu lake lili ku Thuin m'dziko la Belgium, limatenga standard ya mtundu uliwonse kuchokera kwawo kwa mtunduwo. Ya Ridgeback, yomwe ndi nambala 146, inachokera ku Kennel Union of Southern Africa (KUSA) ndi Zimbabwe Kennel Club, ndipo ndi imene imati "well boned". Popeza mukuti mukufuna kukaonetsa galu wanu ku South Africa, pansi pa KUSA, pepala lanu ndi limeneli. Linalo muliwerenge pongofuna kudziwa.

Ndipo kunena zoona, ine ndimaona kuti mawu a kum'mwera kunowa ndi amene analasa. Galuyu anawetedwera kutsata nyama m'tchire tsiku lonse, dzuwa lili pamutu, ndipo akapeza mkango ntchito yake sinali kulimbana nawo koma kuuzungulira, kuuuwa, kuzemba zikhadabo, kuusunga pamalo amodzi mpaka mlenje afike. Galu wolemera miyendo pa ntchito imeneyo sakanakhalitsa. N'chifukwa chake standard ya FCI yomweyo, m'ndime yoyambirira, imanena kuti chofunika ndi changu, kaonekedwe kosalala ndi thupi lopanda chilema, "with no tendency towards massiveness", kutanthauza kuti galuyo asayambe n'komwe kulowera ku ukulu wopitirira. Munthu akangotola mawu awiri oti "heavy in bone" n'kuiwala ndime yoyambayo, mapeto ake amaweta galu wolemera ngati Mastiff, wongokhala ndi mzere wa ubweya pamsana womwe Ridgeback amadziwika nawo. Ngakhale oweruza a ku Britain ndi ku America odziwa mtunduwu amawerenga "heavy" ameneyo m'kati mwa chithunzi cha galu wothamanga.

Pali chiganizo china mu standard yanu chomwe anthu ambiri amangochidutsa, chikhalirecho ndi chimene chikufotokoza bwino fupalo. Chimati mwendo wakutsogolo, mukauyang'ana cham'mbali, uoneke wotambalala kuposa mukauyang'ana kutsogolo. Apa nkhani si kukula koma maumbidwe. Oweta agalu amasiyanitsa round bone, oval bone ndi bladed kapena flat bone. Round ndi mwendo woti mukauzunguliza zala umamveka wofanana mbali zonse, ngati wa English Foxhound, galu woyenda mtunda wautali pa liwiro limodzi, yemwe miyendo yake imafunika ikhale chilili. Oval ndi wotambalala kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, wopyapyalako m'mbali; standard ya ku America ya German Shepherd imanena poyera kuti fupa likhale oval, osati round. Bladed ndi wopyapyala kwambiri, ngati wa Borzoi, yemwe standard yake ya ku America imati mafupa akhale ophwatalala ngati mpeni, mbali yopyapyala ili kutsogolo. Chifukwa chake kalipentala aliyense amachidziwa: thabwa la denga amaliimika cham'mbali, saligoneka, chifukwa likaima limapirira kulemera kochokera mbali imodziyo popanda kuwonjezera mtengo. Galu akamathamanga, mwendo umakankhidwa kutsogolo ndi kumbuyo, osati m'mbali, ndiye mwendo wa oval umalimba kumene kukufunika kulimba, osalemera pachabe. Zoona zake n'zakuti chomwe dzanja limamva si fupa lokha, ndi fupa pamodzi ndi minyewa yodutsa kumbuyo kwake, koma m'bwalo la chionetsero zonsezo amangozitcha bone.

Apa ndi pomwe anzanu akupusitsikira kachiwiri. Munthu akamaona galu amaima kutsogolo kwake. Kutsogoloko ndi kumene mwendo wa oval umaoneka wochepa. Muwauze adzaime cham'mbali.

Liwu lina lomwe mudzalimva kawirikawiri ndi substance. Ili ndi lotambalala kuposa bone: likuphatikiza fupa, minofu, kuya kwa chifuwa ndi kudzaza kwa thupi lonse. Galu akhoza kukhala ndi fupa lokwanira koma thupi lopanda kanthu, chifuwa chosaya, nthiti zopanikizana. Ameneyo amati shelly. Wochepa fupa ndi thupi lomwe, wooneka ngati wosakhwima ngakhale atakula, amati weedy. Kumbali inayo kuli coarse, galu wonyanya fupa, mutu ndi khosi mpaka kutaya maonekedwe a mtundu wake, ndi cloddy, wamfupi, wonenepa, wolemera poyenda. Pa Ridgeback, weedy ndi coarse ndi zolakwa zonse ziwiri, ndipo woweruza wabwino sakhululukira chachiwiricho chifukwa choti chimagometsa anthu oonerera. Dziwaninso kuti wamkazi amayenera kukhala wocheperako fupa kuposa wamphongo, aoneke kuti ndi wamkazi. Musadzamunyoze galu wamkazi wabwino pomuyeza ndi mlongo wake.

Zinthu ziwiri zimanamiza diso: ubweya ndi mafuta. Pa agalu aubweya wambiri, okonza agalu amadziwa kupesa ndi kuumitsa ubweya wa m'miyendo kuti mwendo uoneke waukulu, n'chifukwa chake woweruza amalowetsa zala mpaka pakhungu. Ridgeback alibe pobisala, ubweya wake ndi waufupi. Chomwe chimatsala ndi mafuta, ndipo oweta ambiri amagwa m'mbuna imeneyi: amanenepetsa galu kuti aoneke wa substance. Mafuta sapita ku mwendo wakutsogolo. Amaunjikana pa nthiti, pa mapewa ndi patsinde pa mchira, ndipo thupi likatupa miyendo imaoneka yochepa kuposa kale.

Standard ikachoka pa kukula kwa fupa imalowa pa momwe mafupawo analumikizirana, ndipo pamenepa ndi pomwe mphotho zambiri zimapezekera kapena kutayikira. Pansi pa mfundo ya wotchi ija pali kachigawo kafupi kofika ku phazi, kotchedwa pastern. Ka Ridgeback kamafunika kakhale kolimba koma kopendekeka pang'ono, kuti phazi likamenya pansi kazifewetsa kugundako. German Shepherd ali ndi manambala ake: standard ya FCI imati kachigawoka kakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwa fupa lapamwamba pake, ndipo kapendekeke madigiri 20 mpaka 22. Fox Terrier amafuna kali chilili. Kakagwa kwambiri mpaka galu kuoneka ngati akupondera kumbuyo kwa phazi, amati down in pastern. Mfundoyo ikamagwera kutsogolo ngati ikufuna kupindika, amati knuckling over.

Phewa ndiye limavuta kumvetsa, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Galu alibe fupa lolumikiza phewa ku chifuwa ngati lomwe tili nalo ife pansi pa khosi. Mwendo wonse wakutsogolo unangomangidwa ku thupi ndi minofu, chikhalirecho miyendo yakutsogoloyo ndi imene imasenza pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwa galu. Mawu oti layback kapena well laid back akunena kupendekeka kwa fupa lophwatalala la phewa: nsonga yake yapamwamba ikhale chakumbuyo, osati pamwamba penipeni pa mwendo. Ikani dzanja pamene khosi lakumana ndi msana, mumva nsonga ziwiri. Tsatirani mzere wa fupalo kutsika mpaka pa mfundo yotulukira kutsogolo kwa chifuwa. Kuchokera pamenepo fupa lina, upper arm, limabwerera m'mbuyo kukafika pa chigongono. Mafupa awiriwa akakhala ofanana kutalika ndipo apanga ngodya yabwino, chigongono chimakhala pansi pa nsonga ya phewa, mwendo umaima pansi pa thupi, ndipo galu amatambasula mwendo patali popanda kuvutika. Upper arm ikafupika, mwendo umasunthira kutsogolo pansi pa khosi, galu n'kumaponda timasitepe tifupitifupi kapena kumakweza mapazi m'mwamba. Mabuku akale ambiri, ndi ma standard ena mpaka lero, amati phewa lipendekeke madigiri 45 ndipo ngodya ikhale madigiri 90. Standard ya German Shepherd imatchula 90 ameneyo ngati chokhumba, n'kuvomereza yokha kuti kawirikawiri imafika 110. Mayi wina wa ku America, Rachel Page Elliott, anajambula agalu akuyenda pogwiritsa ntchito X-ray ya kanema ku Harvard, ndipo anaonetsa kuti phewa la galu wabwinobwino silifika pa 45. Limakhala pafupi ndi madigiri 30 kuchokera pa mzere woongoka. Choncho musavutike ndi kuyeza ngodya pa chithunzi cha pafoni. Standard ya Ridgeback inachita mwanzeru, inangoti mapewa akhale opendekeka, osalala, aminofu. Osalala akutanthauza opanda minofu yotupa younjikana, yomwe amaitcha loaded shoulders, imene imakankhira zigongono kunja.

Kumbuyo mayina amasokoneza chifukwa galu amayenda ndi zala, chidendene chake chili m'mwamba. Stifle ndi bondo lenileni, lili pamwamba pafupi ndi mimba. Hock ndi mfundo yosongoka yoloza kumbuyo, yomwe kwa ife ndi kakolo ndi chidendene. Standard yanu ikamati "hocks well let down" ikutanthauza kuti kuchokera pa mfundo imeneyo kufika pansi pakhale pafupi, zomwe oweta amati zimathandiza galu woyenda mtunda wautali. Mukaima kumbuyo kwa galu n'kuona ma hock akuyandikana mapazi akuloza kunja, ndiwo cow hocks. Mukaima cham'mbali n'kuona kachigawo kapansiko kalowa pansi pa mimba, kosatha kuongoka ngakhale galu akuthamanga, ndiwo sickle hocks. Chachikulu pa zonsezi ndi chakuti kutsogolo ndi kumbuyo kugwirizane. Galu wa ngodya zochepa mbali zonse amayenda bwino kuposa wa phewa lowuma ndi miyendo yakumbuyo yopindika kwambiri, chifukwa wachiwiriyu mapazi akumbuyo amapitirira akutsogolo, ndiye amayenda chopingasa pofuna kuti asadziponde.

Za nthiti sizifuna mawu ambiri. Galu ali nazo 13 mbali iliyonse. Well sprung ndi nthiti zotuluka bwino kuchokera ku msana kenako n'kutsika mopapatiza. Slab sided ndi zophwatalala. Barrel ndi zozungulira kwambiri. Ridgeback amafuna zapakatikati, chifuwa chakuya kufika pa chigongono koma chosatambalala kwambiri. Mapazi akutsogolo akamaloza kunja, wina uku wina uko, amati east-west.

Ndikuchenjezeni za chizolowezi chimodzi cha m'mabwalo a zionetsero, chifukwa ndi chomwechi chimene anzanu akukukokerani. Standard ikati strong, anthu amaganiza kuti wopambana ndi woposa onse kulimba. Ikati well angulated, amathamangira wopindika miyendo kwambiri. Mibadwo ingapo ya agalu ikadutsa, mtundu umasanduka china. Ku Britain nkhaniyi inaphulika mu 2008 pamene BBC inaonetsa pulogalamu ya matenda a agalu a mitundu yolembetsedwa, ndipo mu January 2009 The Kennel Club inatulutsa ma standard okonzedwanso, n'cholinga chochotsa mawu olimbikitsa kunyanyira. Komabe mu 2016, pa chionetsero chachikulu cha Crufts ku Birmingham, anthu anakwiya ataona German Shepherd wotsetsereka msana, wogwedera miyendo yakumbuyo, atapambana pa mtundu wake. Pepala likhoza kukonzedwa chaka chimodzi, koma maso a oweta ndi oweruza amachedwa kusintha.

Palinso chinthu chomwe dzanja la woweruza silingachione. Galu wa fupa lokongola, woyenda bwino m'bwalo, akhoza kukhala ndi hip dysplasia, vuto loti mutu wa fupa la ntchafu sukhala bwino m'kabowo kake ka m'chiuno, kapenanso vuto la zigongono. Izi zimaoneka pa X-ray basi. Ku Britain, poyeza chiuno, amapereka mapointi kuyambira 0 mpaka 106 pa mbali zonse ziwiri, ochepa ndiwo abwino, galu atakwanitsa miyezi 12. Bungwe la OFA, lomwe limagwira ntchito yomweyi ku America, limadikira miyezi 24. Dongosolo la FCI limapereka zilembo A mpaka E. Mufunseni amene anakugulitsani kagaluko akutumizireni zotsatira za makolo ake onse awiri, pamodzi ndi zithunzi zawo ataima cham'mbali. Zithunzi zimenezo zikuuzani za fupa lomwe galu wanu adzakhale nalo kuposa aliyense wa ife, pakuti kukula ndi maumbidwe a fupa ndi zakumtundu. Chakudya chikhoza kulepheretsa galu kufika pomwe magazi ake akanamufikitsa, koma sichingamupitirize pamenepo.

Tibwere ku kagalu kanu. Pa miyezi isanu Ridgeback amakhala pa msinkhu woipitsitsa kumuweruza. Mafupa aatali amakula kuchokera kumapeto kwake, pa timagawo tofewa totchedwa growth plates, ndipo amayamba ndi kutalika, thupi limadzaza pambuyo. Mwezi uno matako akwera kuposa mapewa, mwezi wamawa chifuwa chaoneka chosaya, zigongono zikulendewera, makutu akulira mutu. Oweta ambiri amaonanso kuti pa nthawi yosintha mano, miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, ma pastern amafewa pang'ono kenako n'kudzalimbanso okha. Pa agalu akuluakulu timagawo timeneti timatsekeka pakati pa chaka chimodzi ndi chaka ndi theka, ndipo wamphongo amapitiriza kudzaza chifuwa ndi minofu mpaka zaka ziwiri kapena zitatu. Gwirani mfundo ya wotchi ija pa kagalu kanu. Mupeza kuti ndi yotupa ngati chibakera chaching'ono, yaikulu kuposa mwendo womwe uli pamwamba pake. Ngati kagaluko sikakumva kuwawa, mfundoyo si yotentha, ndipo mbali zonse n'zofanana, chimenecho si chilema. Ndi chizindikiro choti mwendo ukadali ndi pokulira.

Nanga kashiamu walakwanji? Galu wamkulu akadya kashiamu wochuluka, matumbo ake amatenga wofunika, wotsalayo amatuluka. Kagalu kosakwana miyezi isanu ndi umodzi sikanayambe kuchita zimenezo bwino. Kamayamwa wambiri mwa yemwe mwakapatsa. Kashiamu wochulukayo amasokoneza ntchito yosandutsa chichereŵechereŵe kukhala fupa pa timagawo tokulira tija. Ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands anayesa zimenezi pa tiana ta Great Dane, potipatsa kashiamu wochuluka katatu kuposa mlingo woyenera. Sitinakule mafupa okongola. Tinapinimbira, tinadwala m'mfundo, tina miyendo yakutsogolo inakhota chifukwa radius ndi ulna sizinakule mofanana. Mwendo wokhota motero suongokanso ndi chakudya.

Nyama yambiri ija nayonso ili ndi msampha wake, wa mbali inayo. Mnofu wopanda fupa uli ndi phosphorus wambiri, kashiamu wochepa zedi, pomwe kagalu kamafuna ziwirizi zikhale pafupifupi 1.2 wa kashiamu pa 1 wa phosphorus. Kagalu kodya nsima kapena madeya ndi nyama yokhayokha, monga timachitira ambiri kuno, thupi lake limayamba kukumba kashiamu m'mafupa ake omwe, mafupawo n'kupyapyala mpaka kuthyoka pongodumpha pakhonde. Ndiye mukamva dokotala wa ziweto akulembera kagalu kena kashiamu, n'kutheka kuti ndi ka gulu limeneli, ndipo akukonza chomwe chasowa. Ngati kanu kakudya chakudya cha m'thumba cholembedwa kuti ndi cha large breed puppy, kashiamu ali kale m'menemo pa mlingo wake. Musawonjezere mapiritsi, ufa wa mafupa kapena zikhungwa za mazira. Ngati mumaphika nokha, musangoganizira, pitani kwa dokotala wa ziweto akuwerengereni zosakaniza potengera kulemera kwa kagaluko.

Ndipo kasanenepe. Pa kafukufuku wina wotchuka wa ma Labrador 48 ku America, theka lawo ankadya chakudya chochepa ndi 25 peresenti poyerekeza ndi abale awo, moyo wawo wonse. Odya pang'onowo anavutika mochepa ndi matenda a m'chiuno, ndipo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka ziwiri kuposa anzawo. Kagalu ka Ridgeback koyenera ndi koti mukasisita m'mbali nthiti mukuzimva mosavuta, ndipo mukayang'ana kuchokera pamwamba chiuno chikuoneka. Alendo adzati mukukamana chakudya. Asiyeni anene.

Zina n'zapakhomo. Simenti yopaka polishi ndi matailosi zimachititsa kagalu kumayenda kotangadza miyendo, zala n'kumatambasuka. Kazikhala nthawi yambiri pa dothi, pa udzu kapena pa miyala ing'onoing'ono. Zikhadabo muzidula zisafike pogogoda pansi, chifukwa zikatalika phazi limaphwatalala pomwe standard ikufuna lozungulira, la zala zokhota bwino. Mankhwala a njoka za m'mimba azipatsidwa pa nthawi yake. Kazisewera momwe kafunira, koma kuthamanga nako pambali pa njinga kapena kukadumphitsa kumbuyo kwa galimoto kudikire mpaka kapitirire chaka.

Kwa dokotala muthamangireko mukaona izi: kakutsimphina kwa masiku opitirira awiri, mfundo za m'miyendo zatupa ndipo n'zotentha kapena kakulira mukazigwira, kakukana chakudya thupi lili lotentha, mwendo umodzi wayamba kukhota kapena phazi limodzi likuloza kunja kuposa linzake, kapenanso mfundo yakutsogolo ikugwera kutsogolo kakaima. Zimenezi pa kagalu ka mtundu waukulu ka miyezi isanu sizidikira, ndipo dokotala akafuna kujambula X-ray muvomere, pakuti timagawo tokulira tija tikadali totseguka ndi pamene pali mpata wokonza.